Khunkha la mu Mzinda

Buku la Levitiko (19:9-10) limaletsa mwini munda kukolola mpaka m'malire, kapena kubwerera kukatola zotsalira. Zimenezo nza amphawi ndi alendo. Rute, wamasiye wa ku Mowabu, adadyetsa apongozi ake Naomi ndi barele wokunkha m'munda wa Bowazi. Sadapiteko ngati wopemphetsa ayi: lamulo la Mulungu lidamsungira gawo lake.

Nanga muno mu Blantyre, momwe ambiri munda wawo ndi msika? Mayi wogulitsa ndiwo zamasamba ku Limbe kapena ku Ndirande amalawira mbandakucha kukaoda mpiru wochokera ku Bvumbwe. Amalipira minibasi ndi chiphaso cha msika, ndipo masamba akafota woluza ndi iyeyo. Phindu lake lonse lili pa timipukutu totsiriza, tomwe timagula kaufa ka ana madzulo. Malire a munda wake ndi amenewo.

Komatu Mkhristu amene amalipira mwakachetechete mtengo wa m'supamaketi, akafika kwa mayiyu amanenerera mpaka thukuta, nkupemphanso banyira.

Funso la m'miphakati sabata ino: kodi kunenerera kumasanduka liti kulanda?