Kwaya pa Foni, Kanema pa Sola: Makalata Ochokera ku Ludzi

Wowulutsa: Lero makalata achokera ku Ludzi, kuno ku Mchinji. Yoyamba alemba ndi mayi wina wotsogolera kwaya ya mphakati. Akuti: "Tinajambula nyimbo zathu ndi foni m'tchalitchi, koma tikamvetsera kukungomveka ng'oma ndi chiphokoso. Ndalama yopitira ku situdiyo ku Lilongwe tilibe. Titani?"

Katswiri: Zikomo mayi. Foni yanu ilibe mlandu, vuto ndi malo. Tchalitchi cha malata, pansi pa simenti, makoma opulasitala, mawu amagunda khoma n'kubwerera. Khutu la munthu limatha kusankha choti limve, koma foni imangotola zonse. Pezani chipinda chocheperako, ngakhale nyumba yofolera udzu. Yalani mphasa, pachikani mabulangete m'makoma. Woimba ng'oma akakhale kumbuyo kwenikweni, ndipo mumupemphe afewetse dzanja. Ndikudziwa kuti anyamata a ng'oma izi sazikonda, koma uthenga wa nyimbo uli m'mawu.

Foniyo musaigwire m'manja. Ikani pa tebulo pamwamba pa chitenje chopinda, mamita 2 kapena 3 kuchokera pamzere woyamba, ndipo muiike pa airplane mode kuti wina asaimbe pakati pa nyimbo. Jambulani m'mamawa, chigayo ndi njinga zamoto za kabaza zisanayambe kulira. Mvula ikamagwa pa malata, ingodikirani. Yambani mwajambula ndime imodzi, mumvetsere ndi mahedifoni. Ngati mawu akusweka pamene asoprano akweza, bwezani foni m'mbuyo, chifukwa mawu osweka ndi ovuta kukonza ngakhale pa kompyuta. Ofooka okha ndi amene amakwezeka, ndi pulogalamu yaulere ngati Audacity.

China: ngati foni ikulola, sankhani WAV. Mphindi imodzi imadya pafupifupi 10MB, choncho konzeranitu memori khadi. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti nyimbo ifike momwe munajambulira. Ndipo ngati nyimbozo munapeka nokha, kazilembetseni ku bungwe la COSOMA, ndi thukuta lanu limenelo.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene wagulitsa mtedza ndi soya. Akuti kwawo magetsi a ESCOM sanafike, ali ndi sola, koma kanema amazima mpira uli m'kati.

Katswiri: Bambo, musathamangire kugula kanema wina, yambani mwawerengetsa mphamvu. Kanema wa LED wa mainchesi 32 amadya pafupifupi mawati 40 mpaka 50. Akale aja a chimsana amadya kuposa pamenepo. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma ngati ndi la asidi muzigwiritsa theka lokha, 600Wh, kupanda kutero silikhalitsa. Muchotsepo za mababu, dikoda, kutchaja mafoni a banja lonse ndi zimene invetala imadya payokha, muona chifukwa chake mpira sukutha. Ngati mukugwiritsa batire la galimoto, pamenepo ndiye pagona nkhani. Limenelo analipangira kuliza injini, osati kuwonetsa kanema usiku wonse. Gulani la sola lenileni, pakhale charge controller, ndipo ngati mungapeze kanema wa 12V, invetala simuifunanso. Panelo muziipukuta, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala fumbi likachuluka.

Wowulutsa: Yomaliza, mwachidule: dishi kapena Kiliye Kiliye?

Katswiri: Dikoda ya Kiliye Kiliye ya kampani ya MDBNL imagwira ndi eliyo, osati dishi, ndipo kugwira kwake kumatengera pamene nyumba yanu ili. Musanatulutse ndalama, pitani kwa mnansi amene ali nayo mukaone ngati MBC ikuoneka bwino. Ngati kwa iwo chithunzi chikumadukaduka ngakhale eliyo ili pamtengo wautali, gulani dishi.