Bwalo la Oimba la Jools Holland

M'nkhani ino ndifuna kuti tiphunzire za pologalamu ina ya nyimbo ya pa wailesi yakanema ya BBC ku Mangalande, dzina lake Later... with Jools Holland. Inayamba m'mwezi wa Okutobala 1992 pa BBC Two, ndipo yatha zaka zoposa 30 ikuonetsedwa. Mwini bwaloli, Bambo Holland, ndi katswiri woimba piyano. Kale anali m'gulu la oimba lotchedwa Squeeze, ndipo kuyambira 1982 mpaka 1987 anali mmodzi wa otsogolera pologalamu ina yotchedwa The Tube.

Choyamba tione kakhalidwe ka m'bwalomo. Magulu a oimba, kawirikawiri asanu kapena kuposerapo, amaikidwa mozungulira m'chipinda chimodzi chachikulu, nkhope zawo zitapenyana. Gulu limodzi likamaimba, ena onse amakhala pomwepo namamvetsera kufikira nthawi yawo itakwana. Wotchuka ndi wosadziwika amakhala moyandikana. Oimba a ku Africa nawonso anaimbamo, monga Baaba Maal wa ku Senegal, ndi Tinariwen, ndiponso Amadou ndi Mariam a ku Mali.

Chachiwiri, m'bwalomo munthu amaimba ndi pakamwa pake ndi manja ake. Pa pologalamu ina yotchuka, Top of the Pops, imene inkaonetsedwa mlungu uliwonse kuyambira 1964 mpaka 2006, oimba ambiri ankangoyendetsa milomo pamene mbale yojambulidwa kale inali kulira. Kwa Bambo Holland kulibe pobisala potere. Ukasemphanitsa mawu, akumva ndi anzako odziwa ntchito yomweyo, ali chapafupi pomwepo.

Tsono ndikuuzeni za KT Tunstall, mayi wa ku Scotland. M'chaka cha 2004 woimba wa ku America, Nas, analephera kubwera, ndipo mayiyu anaitanidwa kutangotsala ngati tsiku limodzi. Anadza yekha ndi gitala, pamodzi ndi kachipangizo koponda ndi phazi kamene kamagwira mawu ndi kumawabwereza. Anayamba wagogoda gitala, kachipangizo kanasunga kugogodako. Anawomba m'manja, kanasunganso. Potsiriza anaimba pamwamba pa zonsezo nyimbo yake yotchedwa Black Horse and the Cherry Tree. Kuyambira usiku umenewo dzina lake linamveka m'dziko lonselo. Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine ndiona kuti kalumoko mayiyu anakanola zaka zambiri asanaitanidwe, pakuti luso lotere silingaphunziridwe pa tsiku limodzi. Adele nayenso anaonekera m'bwalo lomweli mu 2007, ali ndi zaka 19, chimbale chake choyamba chisanatuluke.

Kodi ife ana a sukulu tipindulanji pamenepa? Ine ndatolapo zinthu ziwiri. Choyamba ndicho kukonzeka. Ambiri a ife timayamba kuphunzira nyimbo za kwaya kutatsala masiku atatu kuti alendo abwere, ndipo pa tsikulo timangoyasamula kukamwa, kudalira mnzathu wa mawu amphamvu kuti atiphimbe. Kumeneko n'chimodzimodzi kuyendetsa milomo mbale ili kulira. Mayeso a kumapeto kwa chaka nawonso ali ngati bwalo lija: aliyense amakhala yekha ndi zimene anaphunziradi.

Chachiwiri ndicho kumvetsera. Pa mpikisano wa makwaya ndimaona kuti gulu likatha kuimba limatuluka kukacheza panja, osafuna kumva anzawo. Ngati oimba odziwika pa dziko lonse amatha kuima chete kumvetsera mtsikana wa zaka 19, nanga ife tikanirenji? Chotero, anzanga, mpikisano wotsatira ukafika, tikakhale pansi kufikira gulu lotsiriza litaimba, ndipo nyimbo zathu tiyambe kuziphunzira mlungu uno.