ZA INKI NDI NIBU: PHUNZIRO KWA OFUNA KULEMBA NDI PENI YOVIIKA

Anyamata ndi asungwana ena a m'mipingo yathu kuno kwa Mphuka ayamba kufunsa za kalembedwe kakale, kaja koviika peni m'botolo la inki. Ena anaona makalata a ubatizo a agogo ao, zilembo zake zitandandalika bwino ngati mizere ya tiyi, nakhumba kuphunzira luso lomwelo pa nthawi yao yopuma. Ena afuna kulemba makalata oitanira anthu ku ukwati, kapena maina pa masatifiketi a Sande Sukulu. Chikhumbo ichi nchabwino, ndipo phunziro la mwezi uno ndi lao. Koma tiyamba ndi inki, nibu idze pambuyo, pakuti ambiri asankha nibu ndi mtima wonse, natenga inki iri yonse imene aipeza. Nibu yoipa isautsa wolemba tsiku lomwelo, ndipo aitaya nagula yina. Inki yoipa ibisa kuipa kwake kufikira zitapita zaka, pamene wolembayo kulibe, ndi wofuna kuwerenga alibe womfunsa.

Chitsanzo chake tiri nacho pa Dr. David Livingstone. M'chaka cha 1871 iye anali ku Nyangwe, mudzi wa pa mtsinje wa Lualaba, m'dziko la Congo. Mapepala anamthera, ndi inki imene anadza nayo inali pafupi kutha. Pamenepo anatenga nyuzipepala yakale ya ku London, dzina lake The Standard, nalemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa; ndipo inki anaipanga yekha ndi njere za chomera china, chimene anthu a kumeneko ankanika nacho nsalu ndi kudzola kumaso. Pa 15 July chaka chomwecho anaona ndi maso ake ochita malonda a ukapolo alikuombera anthu pamsika, nafa mazanamazana, ochuluka a iwo akazi, ena pomira mumtsinje pothawa. Mbiri ya tsoka limeneli inafika ku Ulaya mwa makalata ndi mwa buku lina limene anakoperamo pambuyo pake. Koma mau oyambawo, amene analemba zinthu zirikuchitika, anazilala, pakuti inki ya njere ija sinakhalitse. Mapepalawo anasungidwa ku Blantyre wa ku Scotland, kumene iye anabadwira, osawerengeka bwino zaka pafupifupi 140, kufikira m'chaka cha 2011, pamene Adrian Wisnicki ndi anzake anawaunika ndi nyali za mitundumitundu ndi makamera, natulutsanso mauwo. Tsono taonani ichi: zilembo za nyuzipepala zinakhala zakuda bii, ndi pamene iye analemba ndi inki yake ya ku Ulaya panawerengeka, inatayika ndi ya njere yokha.

Inki ya osindikiza inakhalitsa chifukwa iri ya mwaye. Mwaye suzilala ndi dzuwa, monga adziwa mai ali yense amene anayesa kuyeretsa denga la kukhitchini. Ya mwaye ya olemba ndi dzanja igulitsidwa ndi dzina la India ink, ngakhale oyamba kuipanga anali a ku China. Iyo njakuda kwambiri ndi yokoma pa satifiketi yokapachikidwa pakhoma, koma njolemera, iuma msanga panibu, ndipo mukaithira m'peni ija yosunga inki m'mimba mwake, peniyo yafa.

Imene anadza nayo Livingstone ndiyo inki ya chitsulo, ndipo pa iyo tikhalitse pang'ono, pakuti ndiyo imene Ulaya analemba nayo zaka zoposa 1,000. Pa mtengo wa thundu pamera timatuza touma ngati mtedza, pamene kachirombo konga mavu kanaikira dzira. Totchuka tinkachokera ku Aleppo, m'dziko la Syria. M'timatuzamo muli mankhwala owawa, a mtundu womwewo umene ofufuta zikopa autenga m'makungwa a mitengo. Akasinja timatuzato ndi kutiviika m'madzi, athiramo mchere wobiriwira wa chitsulo, umene a sayansi autcha ferrous sulphate, naonjezapo utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe, umene wambiri uchokera ku Sudan, kuti inkiyo igwire nibu ndi pepala. Mchere umenewu ndi womwewo uli m'mapiritsi oonjezera magazi amene amai oyembekezera alandira kusikelo. Koma ndisamve kuti wina wapempha mapiritsi a alongo ake kuti akapangire inki.

Chodabwitsa cha inki iyi nchakuti polemba ioneka yotuwa ngati madzi otsukira mbale, ndipo wosaidziwa ayesa kuti anamnyenga. Mpweya ukaifika, chitsulo chija chisanduka chakuda m'kati mwa ulusi wa pepala, ndipo pofika mawa lake zilembo zada, madzi sangazichotsenso. Chifukwa cha kutuwa kwake koyambako, Henry Stephens wa ku England m'chaka cha 1832 anaonjezamo utoto wa buluu, kuti wolemba aziona chimene alikulemba. Ndiyo inki ya blue-black imene akulu athu ena aikumbukira, yolowa yabuluu ndi kukalamba yakuda. Ku England olemba maukwati analamulidwa zaka zambiri kulemba m'kaundula ndi inki ya mtundu umenewu, ndipo igulitsidwabe ndi dzina la Registrar's Ink. Choipa chake nchakuti njowawa: idya nibu ikasiyidwa yosatsuka, ndipo ikapangidwa ndi chitsulo chopitirira muyeso idya ndi pepala lomwe patapita zaka mazana.

Ife a ku Thyolo tiri nacho chozindikirira zimenezi pakhomo pomwe. Dulani nthochi yaiwisi ndi mpeni wachitsulo, muone mpeniwo ukuda. Tsamba la tiyi, limene abale athu athyola m'minda ya Satemwa ndi Naming'omba, liri nao mankhwala owawa a mtundu womwewo. Ndiwo amene amanga m'kamwa tiyi akakhalitsa m'ketulo. Wiritsani tiyi wochuluka m'madzi ochepa kufikira atada, nimusefe ndi nsalu. M'botolo lina viikani misomali kapena waya wofewa wotsukira mapoto m'viniga masiku atatu kapena anai, osatseka botololo, pakuti mutuluka mpweya. Mukadontheza madzi a chitsulowo pang'onopang'ono m'tiyi muja, muona akuda pamaso panu. Imeneyo ndi inki, ya mtengo wochepa, yokwanira kudzaza makope ambiri pophunzira. Koma mankhwala a tiyi ngofooka poyerekeza ndi a thundu, ndipo inkiyo ituluka yotuwirapo, nichita nkhungu ikakhalitsa. Muphunzire nayo, mulembere nayo abwenzi. M'kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati isalowemo iai.

Yotsala ndi inki ya utoto wokhawokha, yabuluu, yofiira, yobiriwira, yokoma m'maso ndi yosavuta kupeza. Yambiri ya iyo isungunuka ndi madzi, ndipo ina anaipanga dala kuti izichapika pa malaya a ana a sukulu. Dziko lathu ndi la chinyontho. Chiperoni chikagwa mu June ndi July mapepala m'kabati afewa ngati nsalu, ndipo amene nyumba zao zinalowa madzi pa namondwe wa Freddy mu March 2023 adziwa chimene madzi achita ndi makalata. Chifukwa chake musakhulupirire mau olembedwa pabotolo, koma yesani nokha. Lembani mzere umodzi ndi inki iri yonse imene muli nayo, papepala limodzi, liume tsiku lathunthu, nimuliviike m'mbale ya madzi. Lembaninso pepala lachiwiri, muphimbe theka lake ndi katoni, mulipachike pazenera loomba dzuwa mwezi umodzi. Pochotsa katoniyo mudzadziwa inki yoti muilembere dzina la mwana.

Tsopano za nibu. Nibu iri ngati khasu, ndi kamtengo kogwirira ndiko mpini wake. Mpini ukhala, khasu likatha musintha. Kale ku Ulaya ankasongola nthenga ya tsekwe, kufikira m'zaka za m'ma 1820, pamene John Mitchell, Joseph Gillott ndi Josiah Mason a ku Birmingham anayamba kudula manibu achitsulo ndi makina. Mtengo unatsika kotero kuti ndi mwana wa mmphawi yemwe anakhoza kukhala ndi peni, ndipo peni zotere ndizo zinagwira ntchito m'masukulu a mishoni ndi m'maofesi a makalaliki a m'minda ya tiyi. Zinatha mphamvu pakudza bolopeni, imene László Bíró analembetsa m'chaka cha 1938, ndi imene Bic anaichulukitsa kuyambira 1950. Chifukwa chake lero simudzapeza nibu m'golosale ya pamudzi. Mufunse m'masitolo a zipangizo za ojambula zithunzi, kapena mutume mbale wopita ku Joni.

Manibu ali a mitundu iwiri. Yosongoka iri ndi mano awiri ogundana. Potsitsa dzanja mutsindika pang'ono, manowo atseguka, mzere nukula. Pokwera simutsindika konse, ndipo mzere ukhala ngati tsitsi. Wotsindika pokwera abaya pepala, inki niwazika. Gillott 303 njotchuka chifukwa cha mizere yake yoonda, koma njofewa ndi yakuthwa, yosakhululukira dzanja losazolowera. Ine sindiipereka kwa woyamba. Ayambe ndi yolimbirapo, monga Gillott 404, kapena Nikko G ya ku Japan, imene ipirira dzanja lolemera la munthu wochokera kumunda. Mtundu wachiwiri ndi nibu yaphwatalala, yodulidwa kunsonga ngati chizulo cha kalipentala, monga ya William Mitchell yotchedwa Round Hand, ya manambala oyambira 0, yaikulu, kufikira 6, yaing'ono. Imeneyi simuitsindika, muigwira mopendeka chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo kunenepa ndi kuonda kwa mzere kudza kokha. Pa mitu ya masatifiketi ndiyo yoyenera, ndipo njosavuta kuiphunzira koposa yosongoka. Wamanzere afunse yodulidwa mopendekera kumanzere; asamkakamize munthu kusintha dzanja, monga ankachitira m'masukulu akale.

Pali chinthu chimene mabuku a Chingerezi sadzakuuzani, pakuti nchachinenero chathu. Mau athu adzala ndi m, n ndi w, zilembo za miyendo yofanana yoima pafupipafupi. Nibu ikakula ndi pepala likamwa inki, miyendoyo iphatikana, ndipo "mwamuna" ndi "mmamawa" asanduka mpanda wa bango. Mau awiri omwewo ndiwo abwino poyesa nibu yatsopano: akawerengeka, nibuyo yakwanira msinkhu wa zilembo zanu, akapanda kuwerengeka, tengani yocheperapo kapena mukulitse zilembo. Samaliraninso kachizindikiro kaja ka pa ng'. Kakamira m'dontho la inki, ng'oma yoimba isanduka ngoma ya kuthengo, ndipo m'kaundula banja limodzi lisanduka lina. Pepala la kope wamba limwa inki niliyendetsa m'mbali. Yesani kangodya kake musanayambe, ndipo inki ikathamanga muonjeze kadontho ka utomoni uja.

Nibu yatsopano idza itapakidwa mafuta oletsa dzimbiri, ndipo inki ikana kuigwira. Ambiri apa aganiza kuti anagula yakufa. Itsukeni ndi sopo kapena ndi mankhwala otsukira mano, kapena muibaye mofatsa m'mbatata ya kachewere, ikhalemo mphindi khumi. Ena aipititsa pa lawi la machesi, koma moto ukachuluka ufooketsa chitsulo, ndipo ine ndikonda mbatata. Poviika, inki ifike pa kabowo ka pakati pa nibu, isafike pampini. Mukatha kulemba, tsukani ndi madzi oyera, mupukute ndi kansalu kosatuluka ubweya kufikira itauma, makamaka ngati munalemba ndi inki ya chitsulo kapena ya tiyi. M'miyezi ya chiperoni sungani manibu m'kachitini kotseka bwino, mutaikamo mpunga wouma pang'ono.