Mafunso ndi Mayankho: Dalaiva ndi Purosesa Zikalimbirana Dzina

Foni iliyonse ya Android, kaya ndi itel ya wogula soya pa Msundwe kaya Tecno ya mphunzitsi wa ku Nsaru, imayendera pulogalamu ya pansi penipeni yotchedwa kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ku Finland. Makalata amene tikuyankha pano akukhudza zigawo zake ziwiri. Chigawo cha arch chimasunga malamulo a mtundu uliwonse wa purosesa, monga ARM ya m'mafoni ndi x86 ya m'malaputopu ambiri. Chigawo cha drivers chimasunga madalaiva, timapulogalamu toyendetsa sikirini, kamera, batire ndi Wi-Fi.

Kalata ya ku Kabudula ikufunsa ngati fayilo yofulashira foni ina ingalowe mu inzake yofanana nayo maonekedwe. Ayi, singalowe. Kunja zingafanane, koma m'kati mwa ina muli purosesa ya MediaTek, ina ya Unisoc. Choyang'ana ndi nambala ya pa bodi, osati dzina la pa katoni.

Ya ku Mpingu ikudandaula kuti foni yafulashidwa, ikuyaka, koma sikirini siikumva chala. Apa kernel yadzuka bwinobwino, koma dalaiva amene ali m'fayiloyo ndi wa sikirini ya mtundu wina. Pafunika fayilo ya bodi yomweyo, basi.

Kalata yachitatu ndiyo yofunika kuikhalira pansi. Yachokera kwa wophunzira zamakompyuta wa ku Namitete amene akumanga kernel yekha, ndipo compiler, pulogalamu imene akumangira kernel, ikumuchenjeza kuti dzina la PAGE_SIZE lapatsidwa tanthauzo kawiri. Akufunsa njira yozimitsira chenjezolo. Funso limenelo ndiye lolakwika.

M'chilankhulo cha C, chimene kernel inalembedwamo, dzina lolengezedwa ndi #define limalowa paliponse pamene fayilo yake yaitanidwa. Kernel imadziwa PAGE_SIZE ngati kukula kwa tsamba la memori, ndipo kukulako kumatsata purosesa: pa x86 ndi mabayiti 4096, pomwe pa ARM ya mabiti 64 kungakhale 4096, 16384 kapena 65536. Ndiye wolemba dalaiva wa kachipu kosungira zinthu amatenga dzina lomwelo n'kulipatsa 256, kutanthauza tsamba la kachipuko. Dzina limodzi, zinthu ziwiri zosiyana. Zili ngati a Banda awiri a m'mudzi umodzi pa kaundula wa feteleza: mlembi akapanda kuwonjezera dzina la bambo, thumba lipita kwa wina.

Ambiri amathamangira #ifndef, kutanthauza kuti dzina likakhala lilipo kale, dalaiva asalilengezenso. Chenjezo limatheradi pomwepo, koma dalaiva amayamba kulemba mabayiti 4096 pamalo pa 256, ndipo zosungidwazo zimawonongeka mwakachetechete. Ena amafafaniza dzina la kernel ndi #undef, n'kusokoneza mizere yonse yotsatira imene imadalira tanthauzo loyambalo. Zanenedwa kambirimbiri, ndipo zinenedwanso: chenjezo la compiler silizimitsidwa, limawerengedwa.

Kukonza kwenikweni kumayamba ndi kufufuza, ndi lamulo la git grep, malo onse amene dzinalo lalengezedwa. Ngati malo awiriwo akunena chinthu chimodzi, dalaiva achotse lake agwiritse ntchito la kernel. Ngati akunena zosiyana, dalaiva ndiye asinthe, aike dzina la chipangizo chake kutsogolo kwa dzinalo kuti lisafanane ndi lina lililonse. Nthawi zina wolakwa amakhala wa ku arch, amene anatenga dzina lalifupi lomwe aliyense angalifune. Zinatero ndi MIPS, purosesa ya m'marauta ambiri a intaneti, imene dzina lake la PTR linkagundana ndi zigawo zina mpaka linasinthidwa kukhala PTR_WD mu 2022. Vuto la mtundu uwu limabisala, chifukwa pa laputopu zonse zimamangika bwino, n'kudzaphulika pa purosesa ina. N'chifukwa chake okonza kernel amamanga kusintha kulikonse pa mapurosesa angapo asanakuvomereze.

Chisokonezo chotere si chachilendo. Mu 2011 Torvalds anadzudzula poyera mbali ya ARM, pamene kampani iliyonse inkalemba zakezake za bodi iliyonse. Kuchokera apo kunafala device tree, fayilo yofotokoza zida za pa bodi payokha, ndipo pofika Linux 3.7 mu 2012 kernel imodzi inayamba kutha kuyendetsa mabodi a ARM osiyanasiyana. Google nayo, pa Android 12 mu 2021, inalimbikitsa kernel imodzi yotchedwa GKI, madalaiva a kampani n'kukhala padera. Komabe dalaiva womangidwira kernel ina amakanidwa ndi inzake, ndipo mafoni akale otsika mtengo, amene ndi ambiri m'mabenchi a okonza mafoni kumudzi kuno, akuyendabe mwa kale.

Mtima wofuna kuzimitsa chenjezo ndi womwewo umene umaoneka pa benchi. Wokonza akaona SP Flash Tool, pulogalamu yofulashira mafoni a MediaTek, ikukana fayilo, amasankha Format All + Download kuti zidutse msanga kasitomala asanakwere kabaza. Zimadutsadi, koma chigawo cha NVRAM chimafufutika, nambala ya IMEI imasowa, netiweki osagwiranso. Mwini foni amabwerera kwawo ku Nambuma osatha kuimba, osatha kutapa ndalama zake za mtedza pa Mpamba kapena Airtel Money. Asanafulashe foni ya MediaTek, wokonza ayambe wasunga NVRAM pa kompyuta, batire likhale lodzaza, ndipo chingwe chikhale chosagwedera.

Kalata yomaliza ikufunsa ngati fayilo ya .pac ingatsegulidwe mu SP Flash Tool. Sizingatheke. Fayilo ya .pac ndi ya mafoni a Unisoc ndipo ili ndi pulogalamu yakeyake yofulashira. Ya MediaTek imayendera fayilo ya scatter.