MUSATAYE MTIMA: PHUNZIRO KWA ODWAZIKA AMUNA KAPENA AKAZI AWO M'MWEZI WA RAMADHAN



Abale ndi alongo m'Chisilamu, phunziro ili talembera inu amene mwezi wa Ramadhan wakupezani muli ndi matenda aakulu m'nyumba. Kapena ndinu mayi amene amuna anu, aja ankachezera kukoka khoka usiku wonse, lero akulephera kumeza ndi phala lomwe. Kapena ndinu bambo amene adokotala adakuitanirani pambali nakuuzani kuti khansa ya akazi anu yafalikira m'thupi, ndipo kuchira n'kovuta. Anzanu akamapita ku Taraweh, inu muli pa ntchito yochapa nsalu za wodwala. Nthawi ya daku imakupezani muli maso kale, pakuti simunagone. Tsono mumtima mukufunsa kuti, "Kodi Ramadhan yanga chaka chino yangopita pachabe? Nanga ndiyembekezenso chiyani?" Kufunsa chotero si tchimo ayi. Tiyeni tiyankhane bwino bwino.

ZA UTHMAN NDI RUQAYYA

Nkhondo ya Badr idamenyedwa pa 17 Ramadhan, chaka chachiwiri cha Hijra, ndicho chaka cha 624. Asilamu adali ongopitirira pang'ono 300, pamene adani adali pafupifupi 1,000. Mwamuna aliyense adali wofunika pa tsiku limenelo. Koma Uthman bin Affan (Allah asangalale naye) sadapite nawo. Mkazi wake Ruqayya, mwana wa Mtumiki Muhammad (S.A.W.), adali gone ku Madina, matenda atakula. Mtumiki adamuuza Uthman kuti atsale adwazike mkazi wake, namulonjeza kuti adzalandira sawabu ndi gawo lofanana ndi la munthu amene adamenya nawo nkhondoyo.

Nanga Ruqayya adachira? Iyayi. Adamwalira masiku omwewo, ndipo pamene Zaid bin Haritha ankafika ku Madina ndi uthenga wa chipambano, n'kuti anthu akumaliza kukwirira manda ake.

Taonani zinthu zitatu pa nkhani imeneyi. Choyamba, munthu wokhala pambali pa mphasa ya mkazi wake adawerengedwa pamodzi ndi ankhondo a ku Badr. Chachiwiri, sawabu zake sizidadikire kuti wodwalayo achire. Chachitatu, wodwalayo adali mwana wa Mtumiki weniweni, kotero matenda si chizindikiro chakuti Allah wakwiyira banja lanu. Mtumiki yemweyo adaika m'manda Khadija, mkazi amene adakhala naye zaka 25, ndipo chaka chimenecho chimatchedwa Chaka cha Chisoni mpaka lero. Njira mukuyendayi adayendamo anthu abwino koposa ife.

MANGANI CHIYEMBEKEZO PA MALO OLIMBA

Kupempha machiritso musasiye. Mneneri Ayyub adadandaulira Mbuye wake za mavuto ake ndipo adayankhidwa, monga timawerengera mu Surah Al-Anbiya, ndime 83 ndi 84. Mneneri Yaqub naye, atakhala zaka zambiri osaona Yusuf, adaletsa ana ake kutaya mtima pa chifundo cha Allah, mu Surah Yusuf, ndime 87. Kwa Allah kulibe chovuta.

Koma mverani apa. Msodzi wanzeru samangirira bwato lake ku bango, pakuti mwera ukaomba, bango limazuka, bwato n'kupita. Chiyembekezo chimene chamangidwa pa kuchira kokha chimatha tsiku limene wodwala walephera kudzuka. Inu mangani chiyembekezo chanu pa Allah mwini, amene alipo wodwala akachira, alipobe wodwala akapanda kuchira. Mukatero mudzapeza kuti zoyembekezera zikadali zambiri. Yembekezani usiku wopanda ululu. Yembekezani chikhululuko, pakuti Mtumiki adaphunzitsa kuti vuto lililonse logwera Msilamu, ngakhale kulasidwa ndi munga, limafafaniza ena mwa machimo ake. Yembekezani kuti abale odana agwirizana pa matenda amenewa. Yembekezani mathero abwino a Shahada pakamwa. Ndipo yembekezani kudzaonananso, pakuti Surah Ar-Ra'd, ndime 23, ikutiuza kuti anthu olungama adzalowa ku Jannah pamodzi ndi makolo, akazi kapena amuna awo, ndi ana awo amene adachita zabwino.

Misozi ikabwera, isiyeni igwe. Mtumiki adalira pamene mwana wake Ibrahim ankatsirizika m'manja mwake. Kupirira sikutanthauza kuuma mtima ayi. Kupirira n'kusunga lilime kuti lisanyoze chimene Allah walamula, ndi kudzukanso mawa kukatenthetsa madzi osambitsa wodwala.

ZA SWAUMU NDI SWALA PA NTHAWI YA MATENDA

1. Wodwala asakakamizidwe kusala, ndipo naye asadzikakamize. Surah Al-Baqara, ndime 184 ndi 185, ikupereka chilolezo kwa wodwala ndi wapaulendo, ndipo ikufotokoza kuti Allah akutifunira zopepuka. Kusiya mankhwala usana wonse chifukwa cha manyazi ndi anthu n'kudzipweteka kumene Allah sadalamule.

2. Wodwala amene adokotala sakuyembekezera kuti achira sabweza masiku. M'malo mwake apereke fidya, ndiko kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sadasale. Pa madh-hab a Imam Shafi, amene ambiri a ife kuno kunyanja timatsata, muyeso wake ndi muddu umodzi wa chakudya chimene anthu a m'deralo amadalira, monga chimanga kapena mpunga. Muddu ndi chakudya chodzaza manja awiri ophatikiza, kupitirira pang'ono theka la kilogalamu. Ngati m'nyumba mulibiretu kanthu, kafotokozereni Shehe wa pa mzikiti wanu.

3. Inu wodwazika, ngati muli bwino, salani. Kusambitsa wodwala, kumudyetsa, kumutsuka zilonda, zonsezi sizimasula swaumu. Koma mukadwala nanu, kapena mukanyamuka kusanache ulendo wautali wopitirira makilomita 80, monga wochoka ku Mangochi kupita naye ku chipatala ku Blantyre, mukhoza kumasula n'kudzabweza pambuyo.

4. Swala siichoka pa wodwala malinga nzeru zake zili bwino. Mtumiki adauza Imran bin Husain, amene ankadwala, kuti aswali choimirira, akalephera chokhala, akalepheranso chogonera m'mbali. Muthandizeni kuchita udhu. Ngati madzi akumupweteka, achite tayammum.

5. Amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero kawirikawiri amataya magazi osalekeza. Magazi a matenda si a kumwezi, kotero saletsa swala. Adziyeretse, avale kansalu koyera, achite udhu pa swala iliyonse nthawi yake itakwana, basi aswali. Pofuna kusiyanitsa masiku, afunse mayi wophunzira za Deeni.

6. Taraweh ndi sunna, ndipo ikhoza kupempheredwa kunyumba. Usiku wa Lailatul Qadr, umene timaufunafuna m'masiku khumi otsiriza, suli ku mzikiti kokha. Amene ali maso pambali pa wodwala, akumupukuta thukuta uku akutchula Allah, usikuwo sumuphonya.

ULULU ULI NDI MANKHWALA

Mtumiki adalamula kuti tizifuna mankhwala. Tsono adokotala akanena kuti khansa singathe kuchizidwa, sakunena kuti chithandizo chatha. Kuli chisamaliro chothetsa ululu, chimene chimapezeka m'zipatala za maboma, ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Ndi Moyo ku Salima. Pa ululu waukulu amapereka mankhwala akumwa otchedwa morphine. Ena amawaopa, amati ndi oledzeretsa kapena amafulumizitsa imfa. Akaperekedwa pa muyeso wa dokotala ndi mankhwala ngati ena onse, ndipo ma Ulama amawalola. Amamwedwa pa nthawi yake, kawirikawiri pa maola anayi aliwonse, osadikira kuti wodwala ayambe wabuula. Amaumitsa m'mimba, choncho pemphaninso mankhwala ofewetsa. Munthu amene ululu wamuleka amatha kuswali, kugona, ndi kucheza ndi adzukulu ake.

Wodwala wosatha kudzitembenuza muzimutembenuza pa maola awiri aliwonse, kuopa zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Chakudya muzimupatsa pang'onopang'ono, phala lamadzimadzi, msuzi wa nsomba, nthochi yokanya. Akakana musakalipe, ndi matenda akuchititsa. Milomo ikauma, inyowetseni ndi kansalu ka madzi oyera. Chilonda chikayamba fungo, auzeni anamwino, mankhwala ake alipo.

Dziwaninso kuti khansa siipatsirana podyera mbale imodzi kapena kugona chipinda chimodzi. Musamusale mnzanuyo. Ndipo khansa si ufiti. Mabanja ambiri agulitsa maukonde, mbuzi ndi minda kupereka kwa anthu oombeza, mapeto ake wodwala osachira, ana kusowa chakudya, achibale kulozana zala. Chisilamu chidaletsa kupita kwa oombeza maula. Chololedwa ndi kuwerengera wodwala Qur'an. Pa matenda otsiriza a Mtumiki, Mayi Aisha ankamuwerengera Surah Al-Falaq ndi An-Nas, namusisita ndi dzanja lake lomwe lodalitsika. Inunso teroni.

MUSABISIRANE

Pa chikhalidwe chathu timaopa kunena za imfa pamaso pa wodwala, timati tikumulodza. Koma nthawi zambiri wodwalayo amadziwa kale, amangokhala chete pokumverani chisoni, inunso muli chete pomumvera chisoni. Anthu awiri okondana n'kumasungulumwa m'nyumba imodzi! Akayamba yekha nkhaniyo musamudule ndi mau akuti "musatero, muchira." Mvetserani. Mufunseni ngati ali ndi ngongole, kapena katundu wa anthu amene adasungitsidwa. Ngati akufuna kusiya wasiya, itanani mboni ulembedwe, pokumbukira kuti wasiya supitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma. Pemphanani chikhululuko pa zonse za m'banja. Muthokozeni pa zabwino zimene adakuchitirani, mozitchula chimodzi chimodzi. Kukonzekera sikufupikitsa moyo wa munthu ndi ola limodzi lomwe, pakuti nthawi ya aliyense idalembedwa kale.

Nthawi ikayandikira, khalani pafupi, mumukumbutse chifundo cha Allah koposa chilango Chake, ndipo mutchule Shahada mofatsa kuti atsatire, osamuumiriza.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Inu wodwazika, thupi lanu nalo lili ndi gawo lake pa inu. Idyani daku mokwanira, imwani madzi ambiri usiku, ndipo masana wina akakhala ndi wodwala, gonaniko. Tsiku lina mudzapsa mtima, kapena mudzalakalaka zonse zitangotha. Musadziyese munthu woipa, kumeneko n'kutopa. Pemphani chikhululuko kwa Allah, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira. Kupempha thandizo kwa ankhoswe, kwa eni mbumba ndi ku mzikiti si kuchepa kwa Imani.

Nanunso achibale ndi oyandikana nawo, kuzonda wodwala ndi udindo wa Msilamu pa Msilamu mnzake. Koma musangobwera kudzakhala pa khonde kudikira kuti wodwazika akuphikireni. Bwerani ndi mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi, sopo, kapena mbale ya futari. Mayi mmodzi agone kumeneko usiku umodzi kuti mnzake apume. Achinyamata apite kuchipatala kukatenga mankhwala. Pogawa Zaka ndi Zakatul Fitr, kumbukirani banja limene matenda alisaukitsa. Kucheza kukhale kwakufupi, ndipo mau anu akhale olimbikitsa, osati kusimba za anthu amene adafa ndi matenda omwewo.

Mbale wanga, mlongo wanga, Ramadhan yanu siinapite pachabe. Konzani niya yanu m'mawa uliwonse kuti zonse mukuchitira Allah, ndipo nsalu iliyonse mwachapa, supuni iliyonse ya phala, zikulembedwa. Uthman sadaone Badr ndi maso ake, koma dzina lake lili pamodzi ndi anthu a ku Badr.

Tikupempha Allah, Mwini chifundo chambiri, kuti achize odwala athu, awachepetsere ululu, alimbitse manja ndi mitima ya owadwazika, alandire swaumu yathu ndi fidya yathu, ndipo atisonkhanitse ndi okondedwa athu ku Jannah. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.