Alimi a mphesa pa phiri lophulika moto ku Cabo Verde

Dziko la Cabo Verde ndi zilumba 10 zimene zili m'nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku gombe la Senegal. Apwitikizi atafikako cha m'ma 1460 sanapezeko munthu, ndipo anayamba kubweretsako akapolo. Dzikoli linalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1975.

Vuto lalikulu kumeneko ndi mvula. Chimanga ndi nyemba amalima ndithu, koma zaka zambiri zimapserera, ndipo njala ya 1947 inapha anthu zikwizikwi.

Pa chilumba cha Fogo pali phiri lophulika moto lotalika mamita 2,829. M'tsinde mwake, pa malo otchedwa Chã das Caldeiras, alimi amakumba maenje m'phulusa lakuda nabzalamo mphesa. Sathirira ayi, phulusalo limasunga lokha chinyontho. Vinyo wofulula pakhomo amamutcha manecom, ndipo wina amapangidwa ndi makopaletivu a alimi omwewo.

Mu November 2014 phirilo linaphulika, chiphalaphala cha moto n'kukwirira midzi ya Portela ndi Bangaeira. Palibe anafa. Boma linasamutsa anthu, koma ambiri anabwerera kukamanganso nyumba pamwamba pa chiphalaphala chouma chija. Ena angati n'kusamva, komatu minda yawo inali komweko.

Kambiranani m'gulu lanu:
1. Kodi boma lingakakamize anthu kuchoka pa malo oopsa?
2. Nanga likawasamutsa, liyenera kuwapatsa chiyani kuti asabwerere?