Mawu a Chingerezi Opimira Nkhani pa Ntchito

Anzanga ophunzira, tonse tidziwa kuti kwathu kuno mlendo akafika sayamba ndi chimene wadzera. Amuyalira mphasa, namupatsa madzi, ndipo iye apereka malonje: anena za m'mene anadzukira, za amene anakumana nawo pa Njuli, za mvula imene inamupeza pa Mbulumbuzi, ndipo pomalizira pake ndiye atulutsa nkhani yeniyeni. Mwambo umenewu ngwabwino ndithu, koma pa ntchito ukhoza kumpweteka munthu. Ine ndinaona ndekha.

Usiku wina mnzathu wa m'nyumba yathu yogona anatentha thupi kwambiri, nayamba kubwebweta. Ndinathamangira kwa Aphunzitsi otiyang'anira, ndipo pofuna kuonetsa Chingerezi changa ndinayambira kutali, kunena za chakudya chamadzulo ndi za nthawi imene tinazimitsa magetsi. Aphunzitsi anandidula, nati, “Come to the point!” Ndinangoti kukamwa yasa. Mwamwayi mnzathuyo anafika naye kuchipatala nthawi ikadalipo, anampeza ndi malungo ndipo anachira, koma manyazi anga sanathe msanga.

Pa tchuthi ndinawafotokozera amalume anga, amene ndi kalaliki mu ofesi ina ku Limbe. Iwo anaseka, nati, “Mphwanga, ku ntchito nkhani timaipima monga mchere m'ndiwo. Ukachulutsa waononga, ukachepetsa waononganso.” Mawu amene anandiphunzitsa ndawagawa m'magulu atatu, popeza Chingerezi ndicho chilankhulo cha m'maofesi a Boma, ndiponso palibe alandira satifiketi ya MSCE osachikhoza.

Gulu loyamba ndi mawu ofupikitsira nkhani. “In short” ndi “Briefly” atanthauza “mwachidule”. “The main point is” ndiko kuti “mutu wa nkhani ndi uwu”. “To cut a long story short” anena munthu amene wazindikira kuti watalikitsa, ndipo afuna kulumphira kumapeto. Usiku uja ndikanati, “Briefly, Sir, a boy is very ill and must go to hospital now.” Lamulo lake nlakuti chachikulu chiyambe, zotsalazo zibwere pambuyo. Koma tichenjere: kufupikitsa sikubisa ai. Wosunga ndalama amene anena kuti zonse zili bwino, nasiya kutchula kuti kwasowa ndalama, sanafupikitse koma wanama.

Gulu lachiwiri ndi mawu ofunsira ngati mkulu wa ntchito afuna zambiri. Mutanena mutu wa nkhani, funsani kuti, “Shall I go into detail?” kapena “Would you like the full account?” Potero mwampatsa iye mwini mpata wosankha. Akati “Spare me the details,” ndiye kuti zing'onozing'ono sazifuna, musakhumudwe, sanakunyozeni. Akati “Could you elaborate?” kapena “Fill me in,” pamenepo tambasulani zonse mwatsatanetsatane, ndipo malonje athu aja apeza malo. Ambiri a ife tiopa kufunsa akulu, koma safunsa anadya phula.

Gulu lachitatu, limene ndiliyesa lofunika koposa, ndi mawu okanira mwaulemu kuulula chinsinsi. “I am afraid that is confidential” atanthauza “pepani, nkhani imeneyo njachinsinsi”. Pano “afraid” sanena za mantha, angofewetsa kukanako. “I am not at liberty to say” ndiko kuti “ndilibe chilolezo chonena”. “I would rather not go into that” ayenera pamene afunsa za moyo wanu, monga za matenda kapena za m'banja.

Ife a ku Chiradzulu tiyenera kumvetsa gulu limeneli kuposa ena. M'chaka cha 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka mankhwala a ma ARV pa chipatala cha Boma cha Chiradzulu, Boma lisanayambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Anthu analimba mtima kupita kukayezetsa magazi pokhulupirira kuti anamwino ndi makalaliki adzasunga pakamwa. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 liletsa kuulula za m'magazi a munthu wina popanda chilolezo chake, kupatula pamene lamulolo lalola. Tsono taganizani kuti mwalembedwa ntchito pa chipatala, ndipo mkulu wina wolemekezeka akufunsani kuti, “Kodi uje uja anadzatani kuno dzulo?” Mwambo ukuti musakanize wamkulu, ntchito ikuti musanene. Mawu aja ndiwo adzakupulumutsani, pakuti akana popanda mwano. Ngati wofunsayo alankhula Chichewa, nenani kuti, “Pepani bambo, ntchito siindilola.” Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Komabe liwu lakuti “confidential” lisasanduke chishango cha ulesi kapena cha katangale. Dziko lathu lili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma, limene linakhazikitsidwa mu 2017 ndi kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Munthu wa kumudzi akafunsa za ndalama zomangira mlatho wa kwao, ameneyo afunsa zake zomwe. Chinsinsi cha wodwala ndi china, chuma cha anthu onse ndi chinanso.

Pomaliza ndikupatsani ntchito yoyesera. Khalani awiriawiri, wina akhale mkulu wa ofesi, wina kalaliki amene wachedwa chifukwa minibasi inafera pa Namadzi. Kalalikiyo afotokoze m'ziganizo ziwiri zokha, kenaka afunse ngati afotokoze zambiri. Mkuluyo afunsenso za malipiro a wantchito mnzake, ndipo kalaliki akane mwaulemu. Mukatha sinthanani. Ine ndi anzanga a m'nyumba yathu tichita zimenezi Loweruka lililonse madzulo, ndipo amene afuna kudzayesa nafe ali wolandiridwa.

Wophunzira wa Fomu 4